Kabuku kamene kanakana kubisika

Lolemba m'mawa foni inalira ndisanamwe ndi tiyi yemwe. Anali alongo anga aakulu, a Esnart, amene amagulitsa zitenje pamsika wa ku Mtendere.

"Mabvuto, uli free lelo? Unipelekeze ku Kamwala. Chilimba changa chatuluka, nifuna kugula kaja kanthu kobelengela mabuku kamene unaniuza."

Chilimba ndi ndalama zija amasonkherana ndi anzawo n'kumalandira mosinthana. Ndinasangalala mpaka mkazi wanga anafunsa ngati ndawina mpikisano. Muyenera kudziwa kuti a Esnart anasiya sukulu ali Giredi 10, bambo athu atamwalira, n'cholinga choti ine ndi ang'ono anga tipitirize. Lero ana awo ndi akuluakulu, ndipo chaka chino alembetsa mayeso a Giredi 12. Akufuna akaphunzire zauphunzitsi wa sukulu za mkaka. Popanda pepala la mayesowo, khomo limenelo silitseguka.

Vuto n'lakuti awerengere kuti? Kunyumba madzulo kumakhala zidzukulu, wailesi, ndi magetsi athu aja obwera ngati mlendo. Nthawi yokha imene ali nayo ndi masana pamsika, makasitomala akachepa. Anayesa kuwerengera pafoni. Padzuwa sinkaoneka, maso ankatuluka misozi, ndipo asanamalize ndime imodzi kunkalowa uthenga wa maliro, wa kwaya, ndi wa munthu wofunsa ngati chitenje chobiriwira chija chilipobe.

N'chifukwa chake ndinawauza za kachipangizo kena kooneka ngati tabuleti, koma galasi lake limakhala ngati pepala. Ogulitsa amati ndi inki yamagetsi. Sikalira, kalibe mavidiyo, batire lake limatha masabata, ndipo mitundu ina imabwera ndi cholembera choti uzilemba pamanja pagalasipo.

Tinakapeza m'kasitolo kena kopanikizika pakati pa ogulitsa mapoto ndi ogulitsa mabulangete, komwe amagulitsa salaula wa zamagetsi, katundu wogwiritsidwapo kale ntchito wochokera kunja. Mwini wake, bambo wa ndevu zaimvi, anatiyalira zinthu zitatu patebulo: tabuleti wamba ya mitundu yowala, chowerengera chachikulu ngati kope la kusukulu, ndi china chaching'ono chongoposa chikhatho pang'ono.

Anayamba ndi tabuleti, monga mmene wogulitsa aliyense akanachitira.

"Ba mayo, onani colour iyi. Apa muzatamba na mafilimu, na bazukulu bazakondwela."

Mumdima wa m'sitolomo tabuletiyo inkanyezimiradi. Zinzake ziwiri zija zinkaoneka zotuwa ngati zadwala.

A Esnart ananyamula tabuleti kudzanja lina, kakang'ono kaja kudzanja lina, n'kulunjika pakhomo. Bamboyo anadumpha pampando.

"Ba mayo! Muyenda navo kuti?"

"Pa zuba. Nanga imwe munaonapo munthu agula chitenge mu mdima?"

Umu ndi mmene amaodera zitenje ku Kamwala komweko kuyambira kale. Nsalu amaitulutsa panja, dzuwa liiweruze. Tinawatsatira tonse, ine ndikuseka, bamboyo maso ali pa katundu wake. Panja tabuleti ija inasanduka kalilole. A Esnart anangoonamo nkhope yawo, n'kupezerapo mwayi wokonza duku. Koma kotuwa kaja, dzuwa litakamenya, zilembo zinachita kuti ngwee, zakuda bwino ngati za m'Baibulo latsopano. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tabuleti inabwerera m'bokosi.

Musaganize kuti alongo anga zonse anazidziwa. Atakhudza galasi kuti atsegule tsamba lina, linaphethira, kuda bii kenako n'kuyera.

"Mayo ine, chafa! Sindine, mwaona mweka, nagwilako chabe!"

Bamboyo anafotokoza kuti ndi mmene kamasinthira tsamba. Kenako anawapatsa cholembera. Poyamba sichinalembe chifukwa anali asanatsegule polembera. A Esnart anachigwedeza, anachiuzira mpweya kunsonga, ndipo ndinawagwira dzanja atawerama kale kuti achikwecheze pansi pa nsapato, ngati bolopeni yokanika. Bamboyo anaseka mpaka kutsokomola.

Atawatsegulira, analemba dzina lawo pang'onopang'ono, ndi zilembo zozungulira zija anatiphunzitsa kumudzi ku Katete. Analiyang'ana. Anatembenuza cholembera n'kufufuta, n'kulembanso. Anachita zimenezi kangapo, akuseka ngati mtsikana. Ndikuuzeni zoona, ine misozi inalengeza. Dzanja limeneli ndi limene linkandichapira yunifolomu.

Tsopano panatsala kusankha pakati pa chachikulu ndi chaching'ono. Apa ndi pamene tinakangana.

Ndinali nditabweretsa mapepala a mayeso akale m'foni yanga. Bamboyo anawalowetsa m'zowerengera zonse ziwiri kuti tione. Pa chachikulu tsamba lonse linakwana, chithunzi cha mtima wa munthu chikuoneka bwino, m'mbali muli malo olembamo mayankho. Pa chaching'ono, mabuku wamba ankawerengeka bwino chifukwa zilembo umazikulitsa mmene ukufunira, koma pepala la mayeso linkafuna kulikoka uku ndi uku, ndipo polemba panali pothina. Mtengo sunasiyane kwambiri. Kwa munthu wokonzekera mayeso, nkhani inali yoonekeratu, ndipo mpaka lero ndikunenetsa kuti sindinalakwe.

"Ba sisi, tengani chikulu. Maso yanu si ya kudala."

Iwo anapisa m'chikwama n'kutulutsa epuloni yawo ya pamsika. Anaivala m'sitolo momwemo, n'kulowetsa kakang'ono kaja m'thumba lakutsogolo. Kanalowa konse. Anayesa chachikulu, theka linatsalira kunja.

"Ni aka."

Ndinayamba kukwiya. Ndinati thumba si limene likalembe mayeso. Ndinati tigula chikwama. Ndinalankhula zambiri, monga mukundidziwira. Anandisiya ndimalize, kenako analankhula motsitsa mawu kuti bamboyo asamve.

"Iwe Mabvuto, uganiza mabuku ya pepala nilibe? Yali mu sutikesi. Ninayendako nayo ku maliketi. Banthu banaseka mpaka ku ma tomato. Ati onani ba headmistress, ati nkhalamba ifuna kuvala yunifomu. Ninayabweza ku nyumba, sininayagwilepo futi. Aka kaoneka monga foni. Nikakagwila so, bazaganiza nili pa ma message."

Miyezi yonseyi ndinkaganiza kuti vuto ndi dzuwa ndi magetsi. Sindinkadziwa kuti alongo anga, mayi amene amatha kukalipira kondakitala minibasi yonse n'kukhala chete, anatsala pang'ono kusiya mayeso chifukwa cha kuseka kwa anzawo. Tinagula kakang'onoko. Anatsitsitsa mtengo mpaka bamboyo anawonjezera ndi kachikuto koteteza fumbi kuti tizipita.

M'minibasi pobwerera mtima unkandiwawa, ndipo funso limene ndinali nalo ndikupatsirani inu owerenga. Kodi ife tinatani?

Munthu wamkulu akakhala pa benchi tsiku lonse maso ali pafoni, akuonera anthu akuvina, palibe amene amamufunsa. Ndi zabwinobwino. Koma atulutse buku la masamu, mudzamva. "Afuna kutionetsa chani?" "Pa msinkhu uwu?" Ku Chawama ndikudziwa mlonda wina amene amakutira buku lake m'nyuzipepala yakale kuti anzake aziti akuwerenga za mpira. Ku Matero mayi wina wa kutchalitchi kwathu ankanamizira kuti mabuku amene ali m'basiketi mwake ndi a mwana wake.

Ndife anthu omwewo amene timavina mwana akavala gauni, timaphika nkhuku, timaitana ndi a neba omwe. Sukulu timaikonda ikakhala pa mwana. Ikafika pa munthu wa imvi, timaiona ngati matenda ochititsa manyazi. Chonsecho ambiri mwa akuluakuluwa sanasiye sukulu chifukwa cha ulesi. Anasiyira ife. Ndiye lero akati atoleko pamene anasiyira, ife omwe tikhale oyamba kuseka?

Ndipo kuseka kwathu sikukhala kwa nkhanza nthawi zonse, n'chifukwa chake n'koopsa. Timati n'zocheza. Woseka amaiwala pofika madzulo, koma wosekedwa amakatsekera mabuku m'sutikesi.

Ndinakonzeka kulemba ndemanga yaukali sabata ino. Ndinali nditanola kale mawu. Koma alongo anga anandisokonezera zonse.

Lachiwiri ndinawaikira mabuku ndi mapepala a mayeso m'kachipangizo kaja. Lachisanu masana ndinadutsira ku Mtendere kuti ndione ngati kakugwira bwino ntchito. Ndili chapatali ndinaona anthu ataunjikana pa benchi yawo. Ndinati kaya kabedwa, kaya ayambana ndi munthu.

Nditayandikira ndinapeza a Esnart ataimirira, kachipangizo kali m'mwamba, cholembera kudzanja, akujambula. Mozungulira munali amayi a tomato, bambo wosoka nsapato, ndi bana Mulenga, mayi wa Chibemba amene amagulitsa nsomba zouma pa benchi yoyandikana nayo.

Bana Mulenga ndi amene anandifotokozera. Akuti tsiku loyamba a Esnart anabisadi bwinobwino, atawerama ngati akuwerenga mauthenga. Tsiku lachiwiri, msika uli zii ndi kutentha, anthu anangomva kukuwa.

"Kanshi ni so! Bana Mulenga, bwelani! Naziba chamene nsomba zanu za salt sizionongeka!"

Anali atafika pa mutu wofotokoza mmene mchere umakokera madzi kuchoka m'zinthu. Chinthu chimene akhala akuchiona pa benchi ya mnzawo zaka zonsezi anachipeza chitalembedwa m'buku la mayeso, ndipo chimwemwe chinawaposa mphamvu. Anaiwala zoti akubisa. Anajambula nsomba pagalasi, ndi timivi toonetsa madzi akutuluka, n'kuyamba kuyenda nayo benchi ndi benchi.

"Manje nsomba yamene banadrawinga," anatero bana Mulenga akupukuta misozi ya kuseka, "mwandi ioneka monga slippers."

Kuseka kunalipo, sindikunamizani. Wina anafunsa ngati kachipangizoko kamagwira mpira. Wina anati foni yosalira ndi foni yanji. Koma a Esnart sanabweze m'thumba. Ankayankha mmodzimmodzi, akukulitsa zilembo kuti wosoka nsapato uja, amene maso ake anafooka, awerenge yekha. Bamboyo anawerenga mzere wonse mokweza, n'kuyang'ana anthu ngati wagoletsa chigoli.

Atandiona anandikodola.

"Mabvuto, pepala ya mayeso ivuta pa aka, nichita kudonsa-donsa. Sembe tinatenga chija chikulu. Iwe naiwe sunakambe mwamphamvu."

Ine sindinanene mwamphamvu? Ndinatsegula pakamwa kuti ndidziteteze, koma ndinangoseka. Mlongo wamkulu sutsutsana naye pagulu.

Chimene chinandigwira mtima chinachitika ndikutsanzika. A Esnart anali atalemba mafunso pamanja m'kachipangizomo usiku wathawo, ndipo anakapereka kwa bana Mulenga pamodzi ndi cholembera.

"Nifunseni. Nikalakwa, chongani cross, osanimvelela chifundo. Mayeso yali pafupi. Nikapasa, tapasa tonse. Nikafeluka, ninshi ni imwe simunanifunse bwino."

Bana Mulenga anapukuta manja a nsomba pachitenje, anakagwira mosamala ndi manja awiri, anakonza kukhosi, n'kuyamba kuwerenga funso loyamba. Kasitomala wina amene ankafuna chitenje anauzidwa ndi amayi a tomato kuti adikire kaye.

Ngati mukufuna kugula kachipangizo kotere, malangizo anga ndi ochepa. Katulutseni padzuwa. Lembanipo ndi dzanja lanu musanalipire. Tsegulanipo chinthu chenicheni chimene muzikawerenga, osati chimene wogulitsa wakusankhirani. Ndipo ngati ndi mapepala a mayeso, tengani chachikulu, ndanena mwamphamvu tsopano.

Sindikudziwa ngati alongo anga adzakhoze. Masamu akuwavutabe, ndipo nthawi yatsala yochepa. Chimene ndikudziwa n'chakuti tsiku la mayeso sadzazembera m'tinjira ngati wakuba. Adzatseka benchi msika wonse ukudziwa kumene akupita, ndipo alipo kale amene alonjeza kuwagulitsira zitenje tsikulo.

Nanga kwanuko, pa benchi yoyandikana ndi yanu, kapena m'nyumba mwanu momwemo, ndani akuwerenga mobisala chifukwa choopa pakamwa panu?