Kaseti ya Che Mustapha

Che Mustapha, amuna anga, anali mwana wa Che Amidu, mmisiri wa mabwato ku Malindi, ndi Abiti Saidi a ku Chowe. Ana tinabereka atatu: Asiatu, Alima ndi Sulemani. Ndikulembera adzukulu anga khumi ndi anayi, chifukwa ena akumva kuti agogo awo ankangokhala pakhonde ngati mtondo. Limenelo ndi bodza.

Ntchito yawo inali yosoka maukonde, ndipo asodzi ankadumpha amisiri atatu kuti awapeze iwo. Mu 1981 dzanja lamanja linayamba kunjenjemera. Kenaka nthendayo inagwira miyendo: akafika pakhomo, mapazi ankamatirira pansi ngati aponda ulimbo. Chinkawawawa kwambiri ndi Lachisanu, kulephera kuyenda okha kupita kumzikiti, pomwe uli kuseri kwa msika pompa.

Pa sadaka ya malemu mlamu wanga, azibambo anaima mozungulira n'kuyamba sikiri, kuja amapuma mwamphamvu pamodzi uku mapazi akugunda pansi. Ndinangoona Che Mustapha adzuka opanda wowagwira, alowa m'bwalo.

Ndinakawauza a Dyson, mthandizi wa dokotala kuchipatala, munthu wa ku Dedza. Anayamba aseka.

"Mayi, ndiye ndiwalembere gule katatu patsiku, akatha kudya?"

"Lembani zimene mukufuna, koma mubwere mudzaone."

Anabweradi, ndi wailesi ya kaseti, n'kujambula sikiri ya akuluakulu a kwathu. Masabata asanu ndi limodzi ankawayendetsa kuchoka pakhonde kukafika pamtengo wa mango, wotchi ili m'manja. Popanda kaseti ankaima kanayi panjira. Kaseti ikamalira sankaima. A Dyson ankalemba zonsezi m'kabuku, ati akatumiza kwa madokotala ku Blantyre kuti zithandizenso ena. Asanatumize inafika kalata yoti asamukire ku Chitipa pasanathe sabata. Masiku amenewo munthu sunkafunsa chifukwa. Kabuku anapita nako, sitinamvenso kanthu. Wailesi yokha anatisiyira.

Zaka zitatu Che Mustapha ankapita okha kumzikiti, wailesi ili m'chikwama cha paphewa, n'kukaizimitsa pachipata. Anzawo ankati, "Shehe wa mabatire wafika." Iwo ankayankha, "Anga ndimagula pagolosale. Nanga iwe a m'mawondo akowo ukagula kuti?"

Mu 1985 Sulemani anabwera kuchokera kumaphunziro a chipembedzo, n'kumati sikiri ndi zongowonjezera anthu, si zoyenera. Tsiku lina ine ndili kuchigayo, anajambula ulaliki pamwamba pa kaseti ija. Lachisanu bambo ake anavala mkanjo, anaima pakhomo, anayatsa wailesi. Munamveka mwamuna akulankhula. Mapazi sanasunthe.

"Ababa, mawu awa ndi abwino kuposa aja," anatero Sulemani.

"Ndi abwino, mwananga. Kungoti miyendo yangayi sinapite kusukulu."

Iwo anathera pomwepo. Ine ndiye ndinalankhula mpaka a nyumba yachitatu anamva. Sulemani anaweramitsa mutu. "Amayi, ndibweretsa ina mwezi wamawa."

Ndinapita ndekha kwa akuluakulu aja. Awiri anali atamwalira, otsalawo anati sangaimbire nyumba imene mwana wake amawanyoza. Che Mustapha ndinayesa kuwayenda pambuyo ndikuwomba m'manja, ndinayesa sipuni ndi mbale. Tinkafika pamango paja, koma phokoso la pamsika linkameza zonse, n'kuima pakati pa njira anthu akutiyang'ana. Kuyambira pamenepo ankawakweza panjinga ngati thumba la usipa, munthu amene ankadana ndi kugwiridwa dzanja. Anamwalira mu 1989 asanapondenso njira imeneyo ndi mapazi awo.

Adzukulu inu, wina asadzamunyoze Sulemani pamaso panga. Ndi mwana wanga, amandiveka, amandidyetsa, ndipo womukalipira ndine ndekha. Koma akabwera kudzandiona ndimatulutsa wailesi ija, ndimaiika pamphasa, n'kutsegula kachitseko kake kuti aone kuti mulibe kanthu.

"Amayi, mpaka liti zimenezi?"

"Mpaka mwezi wamawa uja ufike."