Khadi Limene Ndinaponya M'chimbudzi

Ine sindikhulupirira munthu. Kwathu kuno ku Mkanda ndaona zokwanira: ogula mtedza a masikelo okhota, anyamata osintha ndalama kumalire, andale amene anabwera ndi matipate atanyamula nsalu. Kukayika kwanga kwandipulumutsa kambirimbiri. Koma kamodzi kunandichititsa chinthu chimene ndikachikumbukira ndimayang'ana pansi, ngakhale ndili ndekha.

Mwana wanga wamkazi ankagwira ntchito pakampani ina ku Blantyre. Chaka chimene tinavota kachiwiri anabwera kudzandisiyira mwana wake wa zaka zinayi kuti ndimulere. Pochoka anandipatsa kakhadi kolimba kokhala ndi chithunzi cha mwanayo. Anati ndi ka inshuwalansi: kuntchito amamudula pamalipiro mwezi ndi mwezi, ndipo mwana akadwala ndingothamanga naye kuchipatala cha mishoni, ndionetse khadilo, osalipira. Anati ku Blantyre anzake onse a muofesi ali nawo.

Kuno kunalibe ndi mmodzi yemwe amene analionapo. Ife munthu akadwala timagwira nkhuku kukagulitsa. Khadilo ndinalitembenuza masiku ambiri. Ndani amalipirira matenda asanabwere, ngati si amene akudziwa kuti abwera? Nanga chithunzi cha mwana anatsala nacho ndani kumeneko, ndipo akuchita nacho chiyani? Kwathu mwana ali bwinobwino sitimukonzera za matenda. Kuteroko n'kumuitanira.

Paesiteti ya fodya yoyandikana nafe panali mayi wina, mkazi wa tenanti wochokera ku Mulanje, amene tinkakumana naye pamjigo. Tsiku lina ndinamuonetsa khadilo. Anati mlongo wake, kalaliki wa kuminda ya tiyi, ali nalo lotere, ndipo linathandiza mkazi wake pobereka.

"Lisungeni bwino agogo, limeneli ndi mankhwala," anatero.

Ine mawu ake sindinawamve. Ndinangoona mmene analigwirira nthawi yaitali, akulisisita ndi chala. Mumtima ndinati onsewa ndi amodzi. Nditafika kunyumba ndinaliponya m'chimbudzi.

Dzinja litafika mwana anadwala malungo. Kuchipatala chaching'ono cha boma mankhwala anali atatha. Cha mishoni n'cholipira, nkhuku zinali zitatha ndi chitopa, mtedza usanakhwime. Ndinakhala naye masiku atatu ndikumumwetsa mapilitsi a kugolosale. Tsiku lachinayi anayamba kukomoka. Amene anamubereka kumbuyo n'kukwera naye njinga kupita kuchipatala cha mishoni, mwamuna wake akupalasa m'matope, ndi mayi wa ku Mulanje uja. Ine ndinatsatira wapansi. Tisananyamuke anandifunsa ngati khadi ndatenga. Ndinati ndaiwala pamene ndinaliika.

Mwana anachira, koma khutu lakumanzere linafa. Adokotala anati tinachedwa.

Mayi a mwanayo anafika tsiku lachiwiri tili m'chipatala, maso ali psuu. Anandikokera kuseri kwa wodi.

"Amayi, khadi lija lili kuti?"

Ndikanatha kunena zoona. Ndi mwana wanga, akanalira, akanandikalipira, zikanatha. Koma pakamwa panatuluka zina.

"Linasowa. Amene ndinamuonetsa ndi mayi wa paesiteti uja basi."

Sindinanene kuti waba. Ndinangowasiya mawuwo kuti adziyendere okha, ndipo anayendadi. Pamjigo akazi anayamba kusendeza zidebe zawo iye akafika. Kutchalitchi ankakhala yekha kumapeto kwa benchi. Sanabwere kudzandifunsa, ngakhale ndikudziwa kuti anamva kumene nkhaniyo inachokera. Fodya atagulitsidwa, banja lawo linanyamuka. Mayi uja anadutsa pakhomo panga atasenza katundu, anapinda maondo, n'kufunsa ngati mwana wayamba kudya bwino. Ndinati wayamba. Anapita. Dzina la mudzi wake sindinalifunsepo.

Mwana wanga mpaka lero amati matenanti ndi akuba, ndipo akatero ine sindimutsutsa.

Mdzukuluyo anakula, anabwerera kwa mayi ake, koma patchuthi amabwera. Munthu akamamuyankhula amatembenuza mutu kuti amve ndi khutu lakumanja. Ulendo wina ndikumuluka tsitsi pakhonde ndinalimba mtima. Ndinawerama n'kunena zonse, za chimbudzi, za mayi uja. Koma ndinanenera kukhutu lakumanzere, ndipo ndinkadziwa kuti ndi lakumanzere.

"Mwati bwanji agogo?"

"Ndati weramutsa mutu, mzere ukukhota."