Masikono a Mwezi Wowala

Bodza ili limandiwawabe. Ndimagulitsa masikono kwa asodzi a usipa ku Kande. Nditaika pulogalamu ya AI yolosera malonda pafoni, inandilangiza kuti ndiphike ochuluka kuposa kale.

Apongozi anga anandichenjeza: "Mwezi wawala, amama. Usipa subwera ku nyali, asodzi salowa panyanja. Agula ndani?"

Ndinawayankha mwamwano kuti makina salosera ndi mwezi.

M'mawa kugombe kunali zii. Masikono anatsala m'dengu mpaka kuuma gwa.

Amuna anga atafunsa, ndinanama kuti a ku loji ina ya alendo anawaitanitsa kenako n'kusintha maganizo. Apongozi anali pompo, akusenda chinangwa. Sanandiulule. Anangotolapo sikono limodzi, n'kuligogoda pampando, nati, "Mufunsenso foni yanuyo kuti tiwatafune bwanji."