Kandime kanga ka mpunga

Ndinakwatira ku Chia. Munda wa mpunga unali wa akazi anga. Unali waukulu, woti munthu ali kumapeto akukutukwana iwe osamva. Tinabereka ana aakazi asanu. Aliyense akakwatiwa, mkamwini ankabwera kudzakhala pamudzi, akazi anga n'kutenga chingwe kukawadulira ndime. Anayi atakwatiwa ndinatsala ndi kandime kamodzi. Khasu likapulumuka m'manja linkagwera kwa mkamwini.

Alamu anga, mlongo wawo wa akazi anga, anawoloka nyanja nkhondo ya ku Mozambiki itatha, nakakwatira komweko. Ankabwera patalipatali. Akafika tinkakhala pakhonde n'kumayerekeza maiko awiriwa.

"Kwanuko anthu aliko?" ndinkafunsa.

"Anthu ake ati, alamu? Ena anathawa nkhondo osabwereranso, achinyamata ali m'tauni. Kukapala moto kwa mnansi umachita kutuluka thukuta."

"Kuno ukayetsemula amadzidzimuka ndi mabanja atatu."

"Kwathu mpunga timalimira anyani. Wopirikitsa palibe."

"Kuno nyani angaponde pati? Paliponse pali mutu wa munthu."

Chaka china mwana wanga wotsiriza anali atakula, ndipo akazi anga anayamba kumakazungulira kandime kanga, akuwerenga mapazi. Alamu atabwera ndinawakokera kuseri kwa nyumba.

"Mawa pa chakudya muyamikire Mozambiki. Mokweza. Akamwini amve."

Ndinawaphera tambala. Anayamikiradi. Anati kumeneko malire umaika pomwe miyendo yatopera. Anawonjezapo bodza lawolawo, la chinangwa chonenepa ngati ntchafu. Mkamwini wachiwiri, munthu waulesi, anameza zonse. Mwezi usanathe anakwera boti ndi mkazi wake ndi ana. Ndime yawo ndinailima ine. Chaka chimenecho ndinaimba nyimbo m'munda. Sindiimba ine.

Patapita mvula ziwiri ndinangowaona akutsika pa minibasi, mwana wanga atabereka mmodzi kumsana, wina m'manja. Mapasa.

"Mwabwereranji?" ndinafunsa mkamwiniyo.

"Bambo, chigayo kulibe. Chipatala ndi ulendo wa tsiku lonse. Foni imagwira pamwamba pa mtengo umodzi, ndipo mtengowo uli ndi njuchi."

"Nanga malo?"

"Malo aliko. Koma nako anthu ayamba kubwera. Enanso ndi a kuno."

Ndime yawo ndinabweza. Koma sanabwere okha. Anali ndi mwamuna wina wamtali, m'bale wa akazi a alamu, amene anati akufuna kudzaona Malawi. Malawi sanamuone. Anaona mwana wanga wotsiriza.

Ukwati utatha ndinamuitana.

"Mutengeni mkazi wanu mupite naye kwanu. Malo aliko, anthu kulibe."

"N'chifukwa chake ndinachokako, bambo," anatero. "Kuno n'kokoma. Ukatuluka panja umapeza wocheza naye."

Sabata yomweyo kandime kanga kanapita.

Tsopano ndimalima pachulu, kuseri kwa khola la mbuzi. Ndabzalapo tsabola ndi mapando angapo a chinangwa. Mbuzi nazo zikufunapo.

Alamu anatumiza mawu mwezi wathawu. Akuti ndiwoloke msanga kusanadzaze, andisungira malo pafupi ndi anyani. Ndinawauza akazi anga tikudya. Anati ndi maganizo abwino, ndipite. Iwo akuti sapita, ali ndi zidzukulu zoti alere.