Mapakote a pa makiyi a shefi

Ntchito yanga yoyamba inapezeka pamaliro. Mlamu wanga anamva azibambo awiri akunong'onezana kuti kabungwe kena koona za usodzi ku Metangula kakufuna munthu wodziwa kompyuta, ndipo anthu asanabwerere n'komwe kumanda anali atanditumizira kale uthenga. Ndinali nditangomaliza sukulu ku Lichinga, ndili khale pakhomo. Sindinadikire kuuzidwa kawiri.

M'mawa ndinkapita kugombe ku Meluluca ndi sikelo kukayeza nsomba zochepa chabe, zotsalazo n'kungowerenga zidebe, asodzi akamakocheza, masana n'kubwerera ku ofesi kukalowetsa manambalawo mu R, pulogalamu yowerengetsera. Msodzi sakonda munthu womugwirira nsomba asanagulitse. Amene ananditsegulira njira anali a Saide, mkulu wa komiti ya asodzi. "Mulekeni mwanayu ayeze," anauza anzawo, "walonjeza kuti adzationetsa ngati chambo chikuchepadi." Lonjezo limenelo ndilo linkandiimika pagombe paja.

R payokha siichita zambiri. Zida zake, zomwe timati mapakote, umachita kukopera pa intaneti n'kuzisunga mu foda. Ukalemba .libPaths() imakuonetsa mafoda amene imakasakamo mapakotewo. Munthu wabwinobwino amawasunga m'kompyuta momwemo kuti aliyense agwiritse ntchito. Koma a shefi athu, a Bonifasiyo, ayi. Anatsegula kafayilo kotchedwa .Renviron n'kulembamo kuti R_LIBS_USER, njira ya ku mapakotewo, iloze ku E:, ndipo E: ameneyu inali fulashi yawo yolendewera pa makiyi a njinga yamoto. Akakhala pampando zonse zinkayenda myaa. Akangotuluka kukamwa tiyi, ofesi yonse inkasanduka ya mbuli.

Ndinawafunsapo kamodzi. "N'chitetezo, menina," anatero, kunditchula kamtsikana m'Chipwitikizi, osandiyang'ana n'komwe. Chitetezo cha chiyani? Ndani angabe zinthu zaulere zomwe aliyense amakopera? Munthuyo ankangofuna kuti tizimusowa. Ena amadzitama ndi galimoto, ena ndi mimba, awa ndi kachitsulo kochepa ngati chala. Ndipo pafulashi pomwepo panalinso pakote yomwe anapanga okha, yosandutsa zidebe za nsomba kukhala makilogalamu, yosapezeka kwina kulikonse.

Tinapangana tsiku loti akomiti abwere kudzaona zotsatira. Litatsala pang'ono, a shefi anaitanidwa ku semina ku Lichinga, ndipo semina yokhala ndi chakudya chaulere iwo sankaiphonya. Anakwera njinga yawo, makiyi ndi fulashi yomwe.

M'mawa wa tsiku lopanganalo ndinayatsa kompyuta, kulemba library() kuti nditsegule pakote, R n'kundiyankha ndi zilembo zofiira kuti pakote yoteroyo kulibe. Ndinalemba .libPaths(), E: osaonekapo, chifukwa R siitchula n'komwe foda yomwe palibe. Ndinapanga foda yatsopano pa C:, m'kompyuta momwemo, kuilozetsa R kumeneko, n'kuyamba kukoperanso mapakote ndi install.packages(). Netiweki ya kwathu kuno mumaidziwa, imayenda ngati nkhono. Mapakote ojambulira zithunzi anayamba kulowa pang'onopang'ono, koma ya zidebe ija ndikanaitenga kuti? Popanda iyo, manambala anga ambiri anali zidebe zosiyana kukula, zosatheka kuphatikiza.

Apa n'kuti azibambo akomiti aja atafika kale. Anali atasiya maukonde tsiku limenelo, ena atavala mikanjo yawo yoyera, atandanda pabenchi panja. Ndinaimbira a shefi kuwapempha kuti anditumizire pakoteyo.

"Zinthu zimenezi sizitumizidwa pafoni," anatero, ndikumva masipuni akulira kumbuyo. "Uwauze abwere sabata yamawa. Nanga asodzi ali ndi ofesi yoti angachedweko?"

Ndinatuluka n'kuyesa kufotokoza, koma ungamuuze bwanji munthu wamkulu kuti nsomba zake zatsekeredwa m'thumba la buluku ku Lichinga? A Saide anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati, "Mwanangu, nsomba zathu zija unkayezadi, kapena unkangozisisita?" Anadzuka, anzawo n'kuwatsatira, osakalipa ngakhale mmodzi.

Nditabwerera kugombe, ndinapeza zidebe zikuvundikiridwa ndikamayandikira. Sikelo yanga inabwerera youma tsiku limenelo ndi masiku otsatira. A shefi atabwera, atanenepa ndithu, anakhala pansi n'kulembera akuluakulu lipoti lakuti anthu a ku Meluluca alibe chidwi chogwirizana ndi bungwe. Analemba mosaphethira n'komwe. Kontirakiti yanga itatha anandiuza kuti sangaiwonjezere, poti panalibenso choti ndiziyeza.

Lero ndimagwira ntchito kwina. Ndikafika pakompyuta yatsopano, ndisanafunse komwe kuli chimbudzi, ndimalemba .libPaths(). Ikaloza m'thumba la munthu, ndimakopera mapakote onse m'kompyuta tsiku lomwelo, n'kukonza njirayo mu Renviron.site, fayilo ya anthu onse, kuti aliyense wolowa aipeze, mwini thumba akwiye kaya asakwiye. Ndipo sindilonjeza anthu chinthu chomwe makiyi ake ali ndi wina.

A Saide ndimakumana nawobe kumsika. Ndikawapatsa moni amayankha bwinobwino, mwaulemu wonse, monga mmene amayankhira mlendo.