Matailosi Makumi Atatu a Azakhali

Azakhali anga aphunzitsa masamu moyo wawo wonse, ndipo chakukhosi amachisunga bwino kuposa choko. Amuna awo, oyala matailosi, anawathawa ana awo awiri adakali aang'ono, n'kukakhala ndi mayi wina wagolosale. Potuluka anasiya mawu akuti, "Uzifunda masamu akowo."

Patapita zaka, wagolosale uja anawatayira katundu panja. Bambo aja anabwerera imvi zili mbuu, chipewa m'manja, kudzapempha malo. Ine ndinali pakhonde, ndipo kunena zoona ndinkafuna awathire madzi otsukira mbale. Koma azakhali anawapatsa mpando.

"Kulowa mulowa," anatero. "Koma muyambe mwandiyalira matailosi makumi atatu awa pabwalopa. Kunja kukhale sikweya, pakati musiye malo a sikweya oti ndidzalepo mtengo. Osadula, osawonjezera, ndipo pasatsale ngakhale limodzi."

Bambo aja anaseka. Ntchito ya m'manja mwawo imeneyo!

Anagwada n'kuyamba. Akaika asanu ndi limodzi mbali iliyonse, pakati n'kusiya malo a anayi, ankaperewera awiri. Akakulitsa malo a mtengowo, ankatsala atatu. Ankabwera m'mawa uliwonse mpaka mawondo anatupa, azakhali akuwapatsira tiyi pawindo. Ine mtima unkangoti myaa.

Tsiku lina akusita ndinawafunsa, "Azakhali, kodi zimene zija zidzatheka?"

"Mwanawe, ukachotsa sikweya mu sikweya inzake, nambala yotsalayo imakhala yosagawika pawiri, apo ayi yogawika panayi. Pa zisanu ndi zinayi chotsa zinayi, zatsala zisanu. Pa khumi ndi zisanu ndi chimodzi chotsa zinayi, zatsala khumi ndi ziwiri. Makumi atatu amagawika pawiri, koma panayi amakana. Ayale mpaka tsiku la chiweruzo."

Kenako bambo aja anagogoda, nkhope ili ngwee. Anali atayala asanu ndi atatu mbali iliyonse, mzere umodzi wokha kuzungulira malo aakulu a mtengo. Kukongola kokha kunalipo.

"Mayi, zatheka. Angotsala awiri okha. Tingowaika pambali, palibe amene adzadziwe."

Azakhali anayang'ana matailosi awiriwo nthawi yaitali.

"Awiri okha, eti? Kuika awiri pambali ndiye mumatha, bambo. Munayambira pa ana anu."

Azakhali anawerama, n'kutola matailosi awiriwo, n'kuwapukuta fumbi ndi nsalu yawo. Analowa ndi matailosiwo m'nyumba n'kukhoma chitseko, bambo aja ali panja.