Kiyibodi Yasiliva pa Maliro

Kwaya ya m'mudzi mwathu, kufupi ndi Kasina, inagawanika chifukwa cha makiyibodi awiri odula omwe palibe mwa ife akanatha kugula. Ena ankatama yasiliva, ena yakuda. Onsewo ndi aja oti ukangodina batani, ng'oma ndi gitala zimalira zokha. Ine ndinakula ndi agogo, ndili mwana wamasiye wosayankhulayankhula, koma pa nkhani iyi pakamwa panatseguka. Ndinali wa yakuda, ndipo mabatani ake ndinawaloweza poonera pa foni. Yasiliva ndinkaizemba ngati apongozi.

Mkulu wina wa mpingo atamwalira, ana ake anabweretsa kiyibodi kuchokera ku Lilongwe. Woimba kiyibodi wa kwaya yathu anali atasamuka, ndipo mpando wake ndinkausirira. Ndinadzipereka msangamsanga. Atavundukula nsalu, ndinaona kuti ndi yasiliva.

Bokosi likutuluka m'nyumba, ndinadina pomwe pa yakuda pamakhala mawu ofatsa a limba. Panalira ng'oma za paukwati. Posaka pozimitsira, ndinangowonjezera liwiro. Amayi anasiya kulira n'kucheuka. Adzukulu onyamula bokosi, poti nthabwala pa maliro ndi zawo, anayamba kuponda sitepe.

"Musazimitse, achimwene!" anakuwa mmodzi. "Malemuwa gule ankamukonda!"

Agogo ndi amene anadzuka pakati pa amayi n'kukazula waya ku batire.

"Iwe," anandinong'oneza, "zaka zonsezi uli chete, wasankha lero?"

Mpando uja a kwaya anaupereka kwa mtsikana wina wa gulu la yasiliva. Ine mpaka pano ndimalimbikira kuti yakuda ndiyo yabwino, ngakhale sindinaikhudzepo.